Mpando wa Zitsulo za Njinga

Mawondo anga anayamba kundikana chaka chija nandolo anabereka mpaka tinasowa pomuyanika. Musandifunse kuti chinali chaka chanji, ine zaka ndimazikumbukira pa zokolola. Kuyenda ndinkayenda ndithu ndi kandodo kanga. Kulimanso ndinkalima, chifukwa khasu silifuna mawondo, limafuna msana, ndipo msana wanga ndi wa amayi anga, omwe anachokera nawo ku Mozambiki atasenza mbewu ya nyemba za kalongonda pamutu. Anayamba akhala ku Mposa, ine ndinabadwira komweko, kenako malo atachepa ndi pomwe tinasamukira kuno kufupi ndi Ulongwe. Amayiwo anamwalira akusinjabe okha. Ndiye za msana sindinkadandaula.

Chomwe chinandivuta ndi kunyonyomala. Kutsika ndinkatsika, koma kuti ndidzukenso, mawondo ankangoti phee ngati si anga. Tsono aliyense akudziwa komwe munthu amanyonyomala tsiku ndi tsiku. Ndinena poyera, ndakula ine: kuchimbudzi. Chathu ndi chokumba, chozira ndi dothi, khoma lake losalala lopanda pogwira. Tsiku lina ndinakhalamo nthawi yaitali ndikulimbana ndi khoma, mpaka ndinatuluka chokwawa, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti pasakhale wondiona.

Kuyambira pamenepo ndinapeza nzeru yanga, yoti ndizipitako kamodzikamodzi. Ndinachepetsa madzi akumwa. Thobwa, lomwe ndimalikonda kuposa tiyi, ndinkangolawa n'kunena kuti lawawasa. Mwana wanga womaliza, wamkazi, yemwe amakhala ndi banja lake pabwalo lomwelino, ankadabwa kuti thobwa lake layamba liti kuwawasa. Ndipo kuno kukatentha mwezi wa Okutobala, ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Lamulungu lina ndinagwa m'tchalitchi tili pakati pa nyimbo. Kuchipatala anati m'thupi mwanga mulibe madzi, anandiika diripi.

Nkhani inamupeza mwana wanga wachisamba, wamwamuna, yemwe amagwira ntchito ku Balaka. Anaimba foni ya mlongo wakeyo.

"Amayi, mukangokolola ndikubwera ndi galimoto. Mudzakhala kuno."

"Nanga nkhuku zanga?"

"Nkhuku tidzadya."

Anaseka, ine sindinaseke. Kwawoko ndinapitako, ndipo sindinganame, ndi kwabwino. Mkazi wake ndi munthu waulemu, chimbudzi chili m'nyumba momwemo, chokhalira ngati mpando. Koma nyumbayo ili mumpanda wa njerwa. Ukadzuka ulibe posesa chifukwa pansi ponse ndi simenti, ulibe wokupatsa moni chifukwa aliyense wapita kuntchito, umangokhala ndi wailesi ya kanema kumaonera anthu osawadziwa akukangana. Ndinakhalako sabata imodzi n'kuyamba kuyankhula ndi mphaka. Kuno ndili ndi munda wanga, mango omwe ndinabzala ndekha, manda a bambo a ana anga ali pafupi, ndipo anzanga a kumpingo akamapita kukaona odwala amandidutsira. Ndinkadziwa kuti ndikakwera galimoto imeneyo, kubwerera kwanga n'kwa m'bokosi.

Mvula itatsala pang'ono kugwa, alangizi a zaumoyo analengeza kuti okalamba tonse tikasonkhane pamalo pomwe pamachitikira sikelo ya ana. Kunabwera mayi wina wa kuchipatala, wa mafizo, awa ophunzitsa anthu kuwongola miyendo, pamodzi ndi azibambo awiri opanga zipangizo zothandizira okalamba. Anabwera ndi zinthu zabwino ndithu. Ndodo ya miyendo inayi yomwe siigwa ukaisiya, ndili nayo mpaka lero. Kafoni kolankhula Chichewa, kokumbutsa munthu kumwa mankhwala. Kameneko anapatsa mkulu wina wa matenda a shuga, ndipo akuti masiku oyamba kakalankhula ankakayankha kuti "zikomo, ndamva." Anaitananso amisiri a pa Ulongwe kuti aone zipangizozo, zikadzawonongeka azidzakonza konkuno. Pakati pa amisiriwo panali akamwini anga, amuna a mwana wanga womalizayu, omwe amawotcherera zitsulo ndi kukonza njinga.

Mayi uja anatifunsa mwaulemu kuti, "Agogo, tisakupangireni zinthu zongoganiza ife. Tiuzeni, chimakuvutani kwambiri n'chiyani?"

Wina anati maso. Wina anati msana. Wina anati ana a masiku ano. Ine, munthu woti kumpingo amachita kundigwira chitenje kuti ndikhale pansi ndalankhulitsa, ndinangoti, "Maso omwewo." Ndikanati chiyani? Azibambo ali pomwepo, adzukulu ali pomwepo, akamwini anga ataima kumbuyo chipewa chili m'manja. Kwathu kuno apongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Tikakumana panjira, iwo amapatukira kutchire, ine ndimatembenukira kumbali, moni timapatsana chapatali ngati tikuyankhula ndi mtengo. Zimenezi zimatha akulu akakonza kuti papite nkhuku, mudyere pamodzi. Kwa ife amene akanakonza ndi bambo a ana anga, koma anamwalira ukwatiwo uli wauwisi, ndiye zinangokhala choncho. Adzukulu anabadwa, anakula, ife tikupatsanabe moni kudzera kumtengo.

Mwayi wake mayi wa mafizo uja sanathere pamsonkhano. Anayenda khomo ndi khomo kuona momwe tikugwiritsira ndodo zija. Atafika kwanga ndinamuyalira mkeka, tinacheza za mvula, za kwawo, anati ndi wa ku Utale, ndiye ndinamufunsa ngati kumeneko mbuzi zikadali zambiri kuposa anthu. Kenako ndinati, "Mwanawe, tiye ukaone chitedze chomwe chamera kuseri kwanga." Kunalibe chitedze. Titafika pakhomo pa chimbudzi ndinamuuza zonse, ndi za madzi zomwe.

Sanaseke, sanachitenso nkhope yachisoni, ndipo ndinamukonda pa chimenecho. Analowamo, anayang'ana dzenje, anagogoda pansi ndi chidendene.

"Agogo, simuli nokha ayi. Ndimakayikira kuti pamsonkhano paja maso anachuluka kwambiri. Mipando yake ilipo m'tauni, koma anaipangira pansi pa simenti, ndipo pakhomo apa singalowe. Tipange wathu. Mmisiri wabwino ndamuona kale, bambo aja okonza njinga."

"Iyayi. Amene aja ndi akamwini anga."

"Ndiye bwino, ali pafupi."

"Iwe, wakulira ku Utale kapena ku Ulaya?"

Apo ndiye anaseka. Tinagwirizana kuti andiyeze yekha ndi tepi yake, ajambule papepala, akawapatse ngati ntchito ya kuchipatala, osatchula mwini wake. Koma nanga anthu ndi ana? Mpando utatha, mayiyo anali atabwerera, ndiye akamwini anga anamufunsa mkazi wawo kuti aupereke kuti. Iye anangoloza ndi mlomo kuseri kwa nyumba yanga. Iwo anadikira ndapita kumjigo, anakauika m'malo mwake, n'kupita kuntchito.

Unali wokongola, ndisaname. Miyendo inayi ya mafelemu a njinga zakutha, pamwamba thabwa lobowola pakati, lopalidwa bwino lopanda zobaya, uku ndi uku zogwirira. Koma nditakhalapo, mapazi anga anali lendelende ngati mwana wa sikelo. Ine ndine wamfupi, ndipo tsiku loyezalo ndinali nditavala nsapato zanga za kutchalitchi, n'kudziwongolanso kuti ndioneke bwino pamaso pa mlendo. Kuti nditsike ndinkachita kudumpha, mawondo n'kulira.

Mayi wa mafizo anali atanena kuti sabweranso msanga, mvula ikagwa msewu wathu galimoto ya chipatala siidutsa. Ndinatuma mwana wanga kuti akawauze amuna ake afupikitse pang'ono. Anabwerako.

"Akuti pang'ono bwanji?"

"Pang'ono basi."

"Amayi, chitsulo akadula sichimeranso."

"Uwauze chonchi." Ndinaonetsa ndi zala.

Pofika kunyumba kwawo zala zake zinali zitasintha kale. Iyenso manyazi anali atamugwira, kuyankhula ndi mwamuna wake za kakhalidwe ka mayi ake kuseri. Ananena kuti, "Ine nkhani imeneyi yandikwana, muziuzana nokha."

Ndinakhala pakhonde kuganiza. Maso anga anagwera pa mpanda wa kubafa, womwe ndi wa mapesi. Ndinasolola phesi limodzi, ndinakhala pa mtondo wogoneka womwe ndimaukonda chifukwa ndikakhalapo ndimadzuka bwinobwino, n'kuyeza kuchokera pansi kufika pomwe ndakhalira. Ndinadula ndi mpeni. Akamwini anga amatsamiritsa njinga yawo pankhokwe yanga, chifukwa ndi pomwe pali mthunzi. Ndinaimika phesi lija pomwepo, n'kumangirira kansanza kofiira kuti asaliyese chinyalala.

M'mawa ndikusesa, ndinawaona ndi ngodya ya diso. Anaima, analitenga, analitembenuza, analimangirira pakeliyala. Masana ndili kumunda mpando unachoka. Tsiku linzake unabwerera, ndipo mapazi anga anaponda pansi onse awiri.

Basi njira inapezeka. Zogwirira zinali kutali ndi thupi, ndinadula mapesi awiri n'kuwamanga mopingasa kusonyeza m'lifupi mwake, zinabwera zitasendezedwa. Mvula itakhazikika pansi panafewa, miyendo ya mpando inayamba kulowa m'dothi, mwendo umodzi kwambiri, moti ndinkakhala chopendekeka ngati bwato. Ndinaopa kuti tsiku lina zitsulozo zidzabowola mpaka kumitengo yoyala pamwamba pa dzenje. Apa phesi silikanatha kunena. Ndinakumbuka makasu anga akutha omwe ndimasunga pansi pa nkhokwe. Ana amandinena kuti ndimasunga zinyalala, koma khasu lomwe lakudyetsa sulitaya ngati chigoba cha dzira. Ndinasankha anayi, ndinawayala pansi pafupi ndi njinga, pa lililonse n'kuimikapo kaphesi. Ndinamva akamwini anga akuseka okha chapansipansi. Mpando unabwera utavala makasu anga kumapazi, atawawongola n'kuwawotcherera, ndipo sunalowenso pansi. Limodzi mwa makasuwo linali la malemu bambo a ana anga, ndimalidziwa chifukwa linabenthuka pakona.

Iwonso anayamba kuyankha ndi nzeru zawo. Tsiku lina ndinapeza zogwirira atazikulunga ndi mphira wa chubu kuti manja asaterereke. Tsiku lina ndinapeza belu la njinga kudzanja lamanja. Mwana wanga anati, "Akuti mukadzavutika muzidzaliza, ine ndizidzamva." Ndinati ndiliyese ngati likugwira. Ndinaliza kangapo ndithu, chifukwa linali ndi mawu okoma.

Tsono pafupi nane pamakhala mnzanga wachiyawo, wachisilamu, wamasiye ngati ine, yemwe takhala tikubwerekana mchere kuyambira tili ndi ana kumsana. Kuno belu la njinga likalira m'mudzi ndiye kuti wafika wogulitsa matemba. Ndikutuluka ndinamupeza ali pabwalo panga ndi mbale m'manja, akusuzumira kumsewu.

"Achemwali, wansomba uja walowera kuti?"

"Wathawa, anakuonani mukubwera ndi mbale yaikulu."

"Inu musandinamize, belu lalira kuseri kwanuku."

Ndinamugwira dzanja n'kukamuonetsa. Anayang'ana mpando, anayang'ana makasu, analiza belu, kenako anakhala pansi ndi kuseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

"Ndiye njinga yanuyi imafika pa Liwonde?"

"Imafika komwe inu mumachedwa kubwerako masiku ano."

Anasiya kuseka. Anandiyang'ana, n'kunena motsitsa kuti iyenso anamangirira chingwe kudenga la chimbudzi chake kuti azidzikoka, ndipo sabata yathayo chinaduka. Pamsonkhano paja iyeyu ndi amene anayambitsa za maso. Ndinamudulira phesi lake tsiku lomwelo. Iye ndi wamtali, phesi lake linaposa langa ndi chikhatho. Anapemphanso kuti pakhale pokoleka kaketulo ka madzi, poti iwo amalowa ndi madzi. Poti iye si mpongozi wawo, anapita yekha pa Ulongwe kukawafotokozera, ndipo anabwerako akunena kuti, "Akamwini anu aja amayankhula, inu. Ndinkayesa ndi osalankhula."

Ine ndinayambiranso kumwa madzi. Thobwa la mwana wanga linasiya kuwawasa. Chimanga chinacha, tinakolola, ndipo Loweruka lina m'mawa galimoto inaima pansi pa mango. Mwana wanga wa ku Balaka anatsika ndi zikwama ziwiri zopanda kanthu zoti ndilongezemo.

Tinakhala pakhonde. Anayamba bwino, za ulendo, za ana, kenako anati, "Amayi, mwakonzeka?"

"Ndakonzeka kukuphikira. Kupita sindipita."

"Tinagwirizana kale. Mukufuna mudzagwenso? Adokotala anati simumwa madzi. Munthu amasiya bwanji kumwa madzi mjigo uli pafupi?"

Nanga ndikanamuyankha bwanji mwana wamwamuna? Mlongo wake anayang'ana pansi. Apo ndinamva kutsokomola kumbali kwa nkhokwe. Akamwini anga anali ataima chotipatsa msana, akukonza tcheni cha njinga chomwe sichinawonongeke.

"Alamu, tabwerani ndikuonetseni kantchito kena."

Anapita kuseri awiriwo. Ndinamva belu likulira kamodzi. Anakhalitsako, ndipo zomwe anakambirana sindinafunse mpaka lero. Pobwerera mwana wanga anali akupukuta magalasi ake ndi malaya. Ndinauza mlongo wake abweretse thobwa m'chikho chachikulu chija cha alendo. Ndinamwa lonse iye akuona, osapumira, n'kupempha lina. Kenako ndinagwira ndodo yanga ya miyendo inayi, ndinadzuka, ndinapita kuseri poyera masana, ndipo ndinabwerako ndekha n'kusamba m'manja pamaso pake.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanakhala iwe ukanawauza amayi ako?"

Anapukusa mutu, kenako anaseka pang'ono. "Makasu aja ndi a ndani?"

"Limodzi ndi la bambo ako."

Patapita kanthawi anati chitseko cha kuseriko n'chakutha, atumiza china chotsegukira kunja, kuti ngati nditagwa mkati anthu athe kulowa. Ndinati imeneyo ndi nzeru, atumize. Zikwama zija zinabwerera ku Balaka zitadzaza nandolo, mbatata ndi makaka a chinangwa.

Msewu utauma mayi wa mafizo anabweranso ndi azibambo awiri aja. Anajambula mpando wanga mbali zonse, anayeza makasu, ndipo mmodzi wa iwo anawaonetsa akamwini anga kabowoledwe koti miyendo izitha kutalika ndi kufupika ndi bawuti, kuti mpando umodzi uzikwanira wamtali ndi wamfupi yemwe. Chimenecho ife sitinachiganize, ndipo n'chabwino. Mayi uja anatenga phesi langa loyamba, la kansanza kofiira lija, akuti akamayenda m'midzi azikaonetsa okalamba kuti safunika kunena kanthu pagulu, angodula phesi n'kutumiza. Ndikumva kuti misonkhano yawo tsopano amayamba agawa, amayi kwaokha, abambo kwaokha. Ukadutsa pa Ulongwe pomwe akamwini anga amagwirira ntchito, uona mapesi atatsamira pakhoma, lililonse ndi kansanza ka mtundu wake. Anthu odutsa amayesa nkhuni. Ine ndikakwera minibasi pamenepo ndimawayang'ana mapesiwo, mtima n'kumachita kuti myaa.

Galimoto ya mwana wanga wa ku Balaka itapita Loweruka lija, ndinakhala pakhonde mpaka fumbi linatha. Kenako ndinaitana mwana wanga wamkazi kuti andigwirire tambala wofiira uja, wamkulu kuposa onse, yemwe ndinkamusungira Khirisimasi.

"Mukufuna mumutani?"

"Umuphe, umuphike bwino. Ukawauze amuna ako kuti lero adyera pakhonde panga."

Anandiyang'ana ngati sanamve. "Amayi, zimenezo si amakonza ndi akuluakulu?"

"Nanga pamudzi pano wamkulu kuposa ine ndani?"

Akamwini anga anabwera atasamba, atavala malaya a kutchalitchi, anakhala kumapeto kwenikweni kwa mkeka. Ndinawapatsa madzi osamba m'manja ndekha. Ndinawayang'ana kumaso koyamba, ndipo ndinaona kuti ali ndi imvi m'mbali umu, komanso kachipsera pachibwano komwe mdzukulu wanga wina akuti amakafunsa kawirikawiri. Ndinawaikira chiwindi ndi nthutumba m'mbale mwawo.

Ndinati, "Apongozi, mwagwira ntchito."

"Mwagwira ndinu amayi, ine ndimangotsatira mapesi." Anadya pang'ono, kenako anati, "Koma belu lija muzilizako pokhapokha pakavuta. Anthu a matemba akudandaula kuti mukuwalanda makasitomala."

Tinacheza mpaka dzuwa linapendeka, ndipo ndinapeza kuti mnzanga uja sananame, amayankhula ndithu. Anandiuza kuti akuganiza zopanga china chothandiza munthu kudzuka pamkeka, poti ife sitikhalira mipando. Ndinati ayambe, mapesi kumpanda akadalipo.